Ludwig Guttmann: Dokotala Amene Anabwezera Ulemu kwa Ovulala Msana

Chisanafike chaka cha 1944, munthu wothyoka msana n'kufa ziwalo ankaonedwa ngati wongodikira imfa. Ambiri ankamwalira ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi komanso matenda a m'chikhodzodzo. Amene anasintha zimenezi ndi Ludwig Guttmann, Myuda wobadwa pa 3 July 1899 ku Tost, tauni imene panthawiyo inali m'dziko la Germany.

Mu 1917, akuthandiza pachipatala china ku Königshütte, Guttmann anaona mnyamata wa kumgodi wa malasha atathyoka msana. Madokotala anamutaya mtima, ndipo patangopita masabata asanu anamwalira. Imfayo sinachoke m'maganizo mwake. Anaphunzira udokotala n'kukhala katswiri wa ubongo ndi mitsempha mumzinda wa Breslau, koma nkhanza za chipani cha Nazi zinamuthamangitsira ku England mu 1939.

Boma la Britain, poyembekezera asilikali ambiri ovulala pankhondo, linamupempha kuti atsogolere chigawo cha ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville, chimene chinatsegulidwa mu February 1944. Kumeneko anakhazikitsa lamulo lokhwima: wodwala aliyense azitembenuzidwa pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Anthu angapo ankamunyamula pamodzi mosamala kuti msana usapindike, kenaka n'kumutchinjiriza ndi mapilo. Mkodzo ankauchotsa ndi kapaipi koyera bwino nthawi ndi nthawi pofuna kupewa matenda. Iye mwini ankatulukira m'mawodi usiku kudzaona ngati lamulolo likutsatidwa.

Kwa Guttmann, kupulumutsa moyo kunali chiyambi chabe. Ankafuna kuti wodwala adzuke, aphunzire ntchito ndi kubwerera pakati pa anthu akudzidalira. N'chifukwa chake masewero anakhala mbali ya chithandizo. Pa 29 July 1948, tsiku limene masewero a Olimpiki ankatsegulidwa ku London, anthu 16 oyenda pa njinga za olumala anapikisana kuponya mivi pachipatalapo. Mpikisanowu unakula, ndipo mu 1960 unachitikira ku Rome ndi osewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23. Amenewa ndiwo amawerengedwa ngati masewero oyamba a Paralympic.

Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wa Sir mu 1966. Guttmann anamwalira pa 18 March 1980, koma kutembenuza wodwala nthawi ndi nthawi kudakali maziko a chisamaliro cha ovulala msana m'zipatala padziko lonse.