João dos Santos, wansembe amene analemba za Tete

Zambiri zimene mabuku a mbiri amanena za chigwa cha Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 zinachokera m'cholembera cha munthu mmodzi. Munthuyo ndi João dos Santos, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, wobadwira mumzinda wa Évora ku Portugal.

Anafika kuno ku Mozambique mu 1586, nakhala zaka pafupifupi zinayi ku Sofala. Atachoka kumeneko anakwera mtsinje wa Zambezi, nadzera ku Sena mpaka kukafika ku Tete, kumene anatumikira miyezi ingapo cha m'ma 1590 ndi 1591. Pambuyo pake anapita ku zilumba za Quirimba. Atabwerera kwawo, buku lake lotchedwa Ethiopia Oriental linasindikizidwa ku Évora mu 1609.

Pa zimene anaona ndi maso ake, Santos anali mboni yosamala. Analongosola za bwalo la mfumu Quiteve, za ulenje, za mvuu ndi ng'ona. Malo amene ine amandikoka mtima ndi pamene akufotokoza zoimbira. Anaona choimbira cha timatabwa toyalidwa pamwamba pa zikho, chofanana ndi valimba imene timaidziwa, ndiponso china cha tizitsulo chimene oimba ankaliza ndi zikhadabo za zala zazikulu. Dzina lake analemba kuti ambira, monga mmene khutu la Mpwitikizi linamvera mawu akuti mbira. Mayina ambiri a m'bukuli anapindika motero, ndipo amene amalankhula chinenero cha kuno amatha kuwawongola msanga kuposa katswiri amene sanachimvepo.

Nkhani ya Azimba ndiyo yofunika kuiwerenga mochenjera. Santos akusimba kuti mu 1592 Azimba anagonjetsa asilikali a ku Sena ndi a ku Tete, napha akapitawo awo André de Santiago ndi Pedro Fernandes de Chaves, pamodzi ndi wansembe mnzake Nicolau do Rosário. Akunenanso kuti Azimbawo ankadya anthu. Koma pankhondoyo iye panalibe. Anangomva kwa a mbali yogonja, anthu amene anali ndi mantha ndi manyazi. Akatswiri ambiri a mbiri amati Azimba anali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amang'anja a kumunsi kwa Shire, ndiye kuti a fuko la Amaravi, makolo a ana ambiri amene mudzawaphunzitse ku Zóbuè ndi ku Moatize. Zimene Azimbawo akanayankha sizinalembedwe m'bukuli.

Santos sanakhalitse ku Portugal. Anabweranso kuchigwa cha Zambezi, kenaka anawolokera ku India, ndipo anamwalirira ku Goa m'zaka za m'ma 1620.