Mbiri ya malemu Rudolf Diesel, mwini dzina la mafuta a dizilo

Malole amene amadutsa pa cipata ca Mwami, m'malire a Zambia ndi Malawi, amayendera injini imene inapangidwa ndi malemu Rudolf Diesel.

A Diesel anabadwira mumzinda wa Paris pa 18 Marichi 1858 kwa makolo ocokera ku Germany. Nkhondo itabuka mu 1870, banja lawo linathawira ku London, iwo n'kutumizidwa kwa abale ku Augsburg. Pambuyo pake anaphunzira za makina ku Munich.

Poona kuti injini za nthunzi zinkatha malasha ambiri pa nchito yocepa, a Diesel anafunafuna njira ina. Mu 1897 anaonetsa injini imene imapanikiza mpweya mpaka kutentha kwambiri, kotero kuti mafuta akapoperedwamo amayaka okha popanda mapulagi.

Nzeru imeneyi ndiyo imasiyanitsa magalimoto a m'misewu ya fumbi mpaka lero. Ya dizilo imamwa mafuta ocepa ndipo imakoka mwamphamvu poyenda pang'onopang'ono m'matope, monga a m'cigwa ca Luangwa nthawi ya dzinja. Koma pampu yake ikaonongeka ndi mafuta akuda, kukonzetsa kumadula. Ya petulo imacipa pogula, koma imatha mafuta msanga ikasenza katundu wolemera.

A Diesel sanadyerere thukuta lawo. Atazingwa ndi ngongole, anasowa usiku wa pa 29 Seputembala 1913 m'sitima ya pamadzi yochedwa Dresden, paulendo wocoka ku Antwerp kupita ku England. Anali ndi zaka 55.