Doris Lessing, mlembi wa ku Banket amene sanakometse mzimayi wa pa famu

HARARE - Doris Lessing anabadwira ku Kermanshah m'dziko la Persia pa 22 October 1919, koma maso ake anatsegukira ku Mashonaland. M'chaka cha 1925 bambo ake, a Alfred Tayler, omwe anaduka mwendo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anatenga malo pafupi ndi Banket kuti azilima chimanga. Chuma chimene ankayembekeza sichinabwere. Mayi ake, omwe kale anali namwino ku London, anakalambira m'nyumba yofolera ndi udzu akulakalaka moyo wa ku Mangalande, ndipo mwanayo ankaona zonsezi.

Sukulu anaisiya ali wamng'ono. Anagwirako ntchito yolera ana, kenaka yolumikiza mafoni ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Anakwatiwa kawiri, maukwati onse n'kutha. Pochoka m'banja loyamba anasiya ana awiri, nkhani imene anthu sanaleke kumudzudzula nayo. Mu 1949 anapita ku London ndi mwana wake wamng'ono Peter komanso zolemba za buku lake loyamba.

Bukulo, The Grass Is Singing, linatuluka mu 1950. Limayamba ndi uthenga wa m'nyuzipepala wakuti Mary Turner, mkazi wa mlimi wachizungu, waphedwa ndi wantchito wake Moses. Mary si dona wokongola wa pakhonde amene azungu a nthawiyo ankakonda kumuwerenga. Ndi mkazi amene anakwatiwa poopa kusekedwa, wosauka, wosungulumwa, wotopa ndi kutentha kwa malata, komanso wankhanza: tsiku lina anamenya Moses kumaso ndi chikoti ali kumunda. Patapita nthawi munthu yemweyo anadzalowa ntchito ya m'nyumba, ndipo Mary anayamba kumudalira m'njira imene atsamunda anzake sakanailola. Mlembiyo sanamupepesere Mary, komanso sanamusandutse chilombo.

Pali mbali imene wowerenga wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique sangalephere kuiona. Mafamu a ku Mashonaland ankadalira kwambiri anthu ochokera ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo, omwe ambiri anafika wapansi. Komatu amayi a m'makomboni m'bukuli alibe mawu. Timangowaona kudzera m'maso a Mary atakhala pansi kunja kwa sitolo akuyamwitsa ana, iye akunyansidwa nawo. N'zoona kuti umu ndi mmene dona wotere ankaonera, koma nkhani ya amayiwo inatsala yosafotokozedwa.

Mu 1956 maboma a Southern Rhodesia ndi South Africa anamuletsa kulowa m'maikowo chifukwa chodzudzula tsankho. Buku la The Golden Notebook la mu 1962 linamutchukitsa pakati pa omenyera ufulu wa amayi, ngakhale mwiniwake sankafuna kumangidwa ndi dzina limenelo. Mu 1995 anayesa nkhani ya zithunzi ya akuluakulu, luso limene anthu a ku Italy monga Guido Crepax ndi Milo Manara anatchuka nalo pojambula matupi a akazi. Buku lakelo, Playing the Game, lojambulidwa ndi Charlie Adlard, silinapite patali.

Anabwereranso ku Zimbabwe mu 1982, dziko litalandira ufulu. Mu 2007 anapata mphoto ya Nobel, ndipo anamwalira ku London pa 17 November 2013 ali ndi zaka 94. Mabuku ake oposa 3,000 anaperekedwa ku Harare City Library.