Donald Kachamba: bandi yonse mwa munthu mmodzi

Kwathu kwa Jenala ku Phalombe kuli mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi ku pulaimale. Ali ndi laputopu yakale yomwe adamusiyira mbale wake wa ku Joni, muli FL Studio, ndipo khutu la nyimbo ali nalo ndithu. Mwezi wathawu nditapita kumudzi adandimvetsera mabiti ake. Tidakhala pakhonde mpaka batire idatha. Mabitiwo ndi ambiri, ena okoma zedi, koma palibe ngakhale imodzi yomwe idafika pokhala nyimbo. Iyi ikudikira woimba, iyo ikudikira maikolofoni yabwino, inayo ikudikira tsiku limene adzapeze ndalama yopitira ku situdiyo ku Blantyre. Chaka chino n'chachitatu akudikira.

Pobwerera, ndili pa kabaza, maganizo anga adali pa malemu Donald Kachamba. Ambiri a msinkhu wathu tikamva dzina la Kachamba timangodziwa mkulu wake, Daniel, katswiri wa gitala uja amene agogo athu amamutchula kuti Dokotala. Za mng'ono wakeyu sitimva kawirikawiri. Koma ngati pali munthu amene aliyense wojambula nyimbo kuchipinda kwake akuyenera kumudziwa, ndi Donald. Zimene tikuchita lero pa laputopu, iye adayamba kuzichita pa tepi zaka pafupifupi 50 zapitazo.

Donald adabadwa m'zaka za m'ma 1950, mkulu wake Daniel atabadwa kale mu 1947. Kwawo kudali m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Monga mabanja ambiri a ku Nyasaland masiku amenewo, banja lawo lidapita kukakhala ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, ndipo kumeneko ndi komwe anyamatawa adakumana ndi kwela. Kwela idali nyimbo ya anyamata a m'misewu ya ku Johannesburg, yoimbidwa ndi kachitoliro kachitsulo kotchipa. Akatswiri ake adali anthu ngati Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso, ndipo malekodi awo ankamveka paliponse m'chigawo chino cha Africa. Donald adagwira chitolirocho ali kamwana.

Banjali litabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, abale awiriwa adapanga bandi yawo. Tikati bandi musaganize za zokuzira mawu ndi ma keyboard. Padali gitala, chitoliro, chisekese, ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi ndi ndodo. Basi. Siteji yawo idali misewu ya Blantyre ndi madera ozungulira, malipiro awo adali makobidi amene odutsa ankaponya.

Ngakhale chitolirocho sankachiliza monga momwe adachipangira azungu. Anyamata a kwela ankachilowetsa kwambiri m'kamwa, chopendekekera kutsaya, kuti chitulutse mawu aakulu, onenepa, otha kupindika ngati mawu a munthu. Chida cha mtengo wa chidole chinkalira ngati chida cha jazi. Umphawi wa zipangizo udawaphunzitsa luso limene wogula chida chodula sakadalipeza.

Mu 1967 mwayi udawapeza. Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, adawamva akuimba mu Blantyre. Adawatsatira mpaka kwa Singano, nawajambula mawu ndi kanema. Pambuyo pake adalemba buku lonse lonena za bandi yawo, The Kachamba Brothers' Band, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1974. Mu 1972 abale awiriwa adakwera ndege kukaimba ku Ulaya.

Apa wina anena kuti eya, ndiye kuti adangochita mwayi, mzungu ndiye adawatukula. Mwayi udalipo, sitingakane. Koma taonani pomwe mwayiwo udawapeza. Sudawapeze m'nyumba akukonza mapulani a bandi imene adzayambitse akadzapeza zida. Udawapeza padzuwa, akuimba nyimbo zathunthu, zoyambira poyamba mpaka pothera, pamaso pa anthu. Kubik akadafika n'kupeza mabiti osamaliza, akadajambula chiyani?

M'zaka za m'ma 1970 aliyense mwa abalewa adatenga njira yake. Daniel adatchuka poimba yekha ndi gitala yake ya zingwe zisanu, mpaka pomwe adamwalira mu 1987. Donald adakakamira kwela. Panthawiyi n'kuti ku South Africa komweko, komwe idabadwira, kwela itatha fasho. Achinyamata adali atathamangira magitala a magetsi. Mnyamata wa kwa Singano adatsala akuliza chitoliro chimene eni ake adachitaya.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani imene ndikufuna mnzanga wa kwa Jenala aimve. Nyimbo ya kwela imafuna anthu angapo: wa gitala, wa besi, wa chisekese, ndi a zitoliro zoyankhana. Donald ankadziwa kuliza zida zonsezi. Choncho adayamba kudzijambula yekha, chida chimodzi panthawi imodzi. Njira yake ndi iyi: umajambula chida choyamba, kenako n'kuseweretsa tepiyo uku ukuliza chida chachiwiri pamwamba pake, kenako chachitatu, mpaka nyimbo itadzaza. Womvera amamva bandi yathunthu, chonsecho woimba ndi mmodzi. Zojambula zimenezi zidali zachilendo kotero kuti Kubik adazilembera nkhani yakeyake m'magazini ya akatswiri yotchedwa African Urban Studies chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Inu amene mumagwiritsa ntchito FL Studio kapena BandLab pafoni mukuizindikira njira imeneyi. Ndi yomweyo ya matiraki. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku a tepi kudalibe batani lobwezera m'mbuyo ukalakwitsa. Kudalibe kukoka noti ndi mausi kuti ikhale pamalo pake, kudalibe autotune. Ukaphonya pakati pa nyimbo, gawo limenelo umalibwereza. Ndipo chida choyamba chija chimayenera kuyenda mosagwedera kuyambira poyamba mpaka pamapeto, chifukwa zina zonse zidzatsamira pa icho.

Ine ndimaona kuti vuto limeneli ndi limene lidali mphamvu yake. Tepi imakukakamiza kusankha. Usanayambe kujambula uyenera kudziwa kuti nyimboyi iyamba bwanji, itha bwanji. Ukajambula gitala, gitalayo yatha, pita ku besi. Ife kompyuta idatipatsa ufulu wosintha chilichonse nthawi iliyonse, ndipo ufulu umenewu ndi umene ukutimanga. Munthu amatha usiku wonse akusinthasintha kulira kwa ng'oma imodzi, m'mawa n'kutsegula pulojekiti yatsopano poti ya dzulo yamutopetsa. Timadzinamiza kuti tikugwira ntchito, pomwe tikungothawa mphindi yoopsa ija yonena kuti nyimbo yatha, anthu aimve. Tinene zoona, nthawi zambiri kuzengereza si ulesi, ndi mantha. Biti yosamaliza palibe angainyoze.

Donald sadakhale yekha mpaka kale. Adali ndi bandi yake ya kwela, momwe Kubik mwiniwakeyo ankaimbamo, komanso Moya Aliya Malamusi wa kwa Singano komweko, yemwe pambuyo pake adadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe. Adayenda m'maiko ambiri mu Africa, ku Ulaya ndi ku America. Koma ntchito yake siinkaima poti anzake palibe. Akakhalapo, ankaimba nawo. Akasowa, ankakhala bandi yekha. Pamwamba pa kwela adaimbanso sinjonjo ndi simanjemanje, napeka nyimbo zakezake m'Chichewa, moti chinthu chimene chidabwera ndi malekodi a ku Joni chidasanduka cha ku Chileka.

Chakumapeto kwa 1999, yunivesite ya UCLA ku Los Angeles m'dziko la America idamuitana kuti akakhale kumeneko kwa kanthawi akuphunzitsa ophunzira ake nyimbo zake. Taganizani: mwana amene ankatolera makobidi m'misewu ya Blantyre, ataima kutsogolo kwa kalasi ya yunivesite, m'manja muli kachitoliro komwe kaja. Zimene adaimba ndi ophunzirawo zidajambulidwa n'kutuluka pa CD. Patangotha chaka ndi miyezi yochepa, mu Januwale 2001, Donald adamwalira asadafike zaka 50. Chaka chomwecho, mu Novembala, Chileka idaliranso mwana wake wina, Evison Matafale. Anzake a Donald adapitiriza bandi ija m'dzina lake, n'kuitcha Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band.

Pali chinthu chimodzi chowawa m'mbiri imeneyi. Zimbale zambiri za Donald zidatulutsidwa ndi makampani a ku Ulaya, ndipo zambiri zonena za iye zidalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chijeremani. N'chifukwa chake mwana wa ku Phalombe atha kumaliza Fomu 4 osamvapo dzina lake. Donald analibe njira yofikitsira nyimbo yake m'thumba la Mmalawi aliyense. Ife tili nayo. Nyimbo ikatha lero madzulo, mawa ili pa WhatsApp, pa TikTok, m'mamemore khadi a pamsika wa Migowi. Iye adali ndi nyimbo zomaliza koma njira yochepa. Ife njira ndi yotakata, nyimbo zomaliza ndiye zikusowa.

Sindikuti mavuto a wojambula nyimbo wa kumudzi ndi nthabwala. Magetsi ndi osadalirika, komwe kulibe n'komwe umadalira sola. Bandulo ndi yodula. Makolo amaona ngati ukungosewera pomwe anzako ali kumunda kapena pa geni. Ndipo ife a ku Phalombe tikudziwa bwino kuti katundu sakhalitsa: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa kuti zimene wasunga zaka zambiri zitha kupita usiku umodzi. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa kudikira, siikukuikira kumbuyo. Laputopu ya mnzanga ija ikadzafa, ndipo tsiku lina idzafa, mabiti onse aja adzapita nayo. Palibe adzadziwe kuti kwa Jenala kudali dolo. Donald adapita zaka zoposa 20 zapitazo koma chitoliro chake chikumvekabe, pa chifukwa chimodzi chokha: adajambula, adamaliza, adatulutsa.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau, komanso fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maikolofoni ya ku Blantyre ndi fodya wa pachala. Ya foni yanuyo ndi imene ili pamphuno.

Ndisanachoke kumudzi ndidagwirizana ndi mnzanga uja chinthu chimodzi. Asankhe biti imodzi, osati yabwino koposa, ingokhala imodzi. Asatsegule pulojekiti ina mpaka iyi itatha. Woimba akapanda kubwera pofika Loweruka, aimbe yekha, mawu oyamba kenako oyankhira pamwamba pake, monga ankachitira Donald ndi zitoliro zake. Ajambulire m'chipinda usiku, mudzi utagona, bulangete litapachikidwa pakhoma kuti mawu asamabwerere. Lamulungu anditumizire.

Nyimboyo mwina siidzakoma monga akufunira. Yoyamba siikoma kawirikawiri. Koma idzakhala nyimbo, ndipo yachiwiri idzaphunzira kwa iyo. Inunso amene mukuwerenga izi pafoni, mukudziwa foda imene ndikunena. Itseguleni, musankhemo imodzi.