Bobby Moore: difenda wopanda liwiro amene anaimitsa Jairzinho

Anyamata ndi atsikana amene mumasewera kumbuyo, nkhani ya ulendo uno ndi yanu. Ambiri mwa inu munapezeka kumbuyoko osati mwa kufuna kwanu ayi, koma chifukwa kochi anaona kuti liwiro mulibe, kapena malo a kutsogolo anali atatha kale. Ndiye tamvani za Bobby Moore wa ku England. Munthuyu sankathamanga kwenikweni, mipira ya m'mwamba sinali mbali yake, ndipo m'masewero 108 amene anasewerera dziko lake anagoletsa zigoli ziwiri zokha basi. Koma mpaka lero palibe kaputeni wina wa England amene ananyamulapo chikho cha World Cup kupatula iyeyu.

Anabadwa pa 12 April 1941 ku Barking, kum'mawa kwa London, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati. Dzina lake lonse linali Robert Frederick Chelsea Moore. Eya, Chelsea, koma inu masapota a timu imeneyo musayambe matama, sanaisewerereko n'kamodzi komwe. Timu yake inali West Ham United, imene inamutenga mu 1956 ali mnyamata wa zaka 15.

Kumeneko anapeza Malcolm Allison, difenda wamkulu wa timuyo, amene ankakonda kutsala ndi achisodzera n'kumawaphunzitsa. Chimene anakhomereza mwa Moore ndi ichi: mpira usanakufike, uzikhala utadziwa kale kumene uupereke. Kenako Allison anadwala TB mpaka madokotala kumuchotsa phapo limodzi. Atachira anayesetsa kuti abwerere, ndipo pa 8 September 1958, West Ham ikukumana ndi Manchester United, panafunika kusankha pakati pa iye ndi mwana amene ankamuphunzitsa uja. Anasankha mwanayo, wa zaka 17, n'kumuveka jezi nambala 6. West Ham inapambana 3-2, ndipo Allison sanasewererenso timu yaikuluyo.

Nanga munthu wopanda liwiro ankatchinga bwanji? Apa ndiye mumvetsere bwino. Difenda wamba amayang'ana mpira. Moore ankayang'ana munthu amene ali ndi mpira, komanso amene akuthamangira kukaulandira, ndiye ankayamba kusuntha mpirawo usanamenyedwe. Womwetsa zigoli waliwiro akamafika pamalo, ankapeza Moore ataima kale pomwepo ngati anachita kuuzidwa. Akakumana ndi munthu wodziwa kunyunya, sankathamangira kugwetsa thupi pansi. Ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akumukankhira mnzakeyo kumbali kumene sangachite zoopsa, kudikira mphindi imene mpira watalikira pang'ono phazi. Pamenepo m'pamene ankaponya mwendo, kamodzi kokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akaulanda mpirawo sankangoumenyera kuthengo monga mmene ena mumachitira, ankadzutsa mutu n'kuupereka kwa mnzake.

England inamuona msanga. Anayamba kuisewerera pa 20 May 1962 ku Lima, pomwe anakuntha Peru 4-0, ndipo anapitirira nawo ku World Cup ya ku Chile chaka chomwecho. Mu May 1963, ali ndi zaka 22, mphunzitsi Alf Ramsey anamupatsa ukaputeni koyamba pa masewero a Czechoslovakia.

Kenako kunabwera zaka zitatu zotsatizana zimene anakwera masitepe a bwalo la Wembley kukalandira chikho. Mu 1964 West Ham inatenga FA Cup itagonjetsa Preston North End 3-2. Mu 1965 inatenga Cup Winners' Cup ya ku Ulaya itaswa 1860 Munich 2-0. Chimene ochemerera sankadziwa n'chakuti pakati pa zikho ziwirizi, chakumapeto kwa 1964, Moore anapezeka ndi khansa ya ku ziwalo zobisika ndipo anachitidwa opaleshoni. Anali ndi zaka 23. Nthawi imeneyo matenda ngati amenewa anthu sankawatchula poyera, moti nkhaniyi inabisidwa, n'kudzadziwika kwa anthu ambiri iye atamwalira. Patangopita miyezi yochepa anali atabwerera m'bwalo.

Chikho chachitatu ndiye chachikulu chija. Mu World Cup ya 1966, England inasewera ndi Uruguay, Mexico, France ndi Argentina osagoletsedwa chigoli n'chimodzi chomwe. Woyamba kugwedeza ukonde wawo anali Eusébio wa Portugal mu semifainolo, ndipo inali penate. Mu fainolo, pa 30 July, West Germany inatsogola. Moore atachitidwa faulo sanayambe kugubuduka kapena kukangana ndi refa. Anadzuka, kuika mpira pansi, n'kuuponya pamutu pa Geoff Hurst, mnzake wa ku West Ham, a Germany asanakonzeke n'komwe: 1-1. Martin Peters, wa West Ham yemwenso, anawonjezera chachiwiri, Germany inabweza mphindi zomaliza, ndipo m'nthawi yowonjezera Hurst anamwetsa chigoli chimene anthu amatsutsana mpaka lero ngati mpira unadutsadi mzere.

Tsono taganizani muli inuyo. Mukutsogola 3-2 mu fainolo ya World Cup, kwatsala masekondi, mpira wagwera pafupi ndi golo lanu. Aliyense angaumenyere kunja kwa bwalo, eti? Jack Charlton, amene ankatchinga naye limodzi, ankafuna zomwezo. Moore anautsitsa ndi pachifuwa, kuyenda nawo modekha, kudzutsa mutu, n'kuuponya patali kwa Hurst, amene anamaliza nkhani: 4-2. Pokwera kukalandira chikho anaona kuti Mfumukazi Elizabeth yavala magolovesi oyera, ndiye anayamba wapukuta manja ake amatope asanapereke moni.

Komabe ambiri amene anamuonera amati mpira wake wapamwamba anausewera mu 1970, ndipo anausewera atangotuluka m'mavuto. England ikukonzekera World Cup ya ku Mexico inaima ku Bogotá, m'dziko la Colombia. Kumeneko wogulitsa m'sitolo ina ya mu hotela imene ankagona ananena kuti Moore waba chibangili chodula. Anamugwira n'kumusunga masiku anayi m'nyumba ya mkulu wina wa zampira wa m'dzikomo, anzake atapita kale ku Mexico. Umboni unali wosagwirika, anamumasula, ndipo mlanduwo pambuyo pake unatha wopanda kanthu. Koma tangoganizani manyazi ake: kaputeni wa akatswiri a dziko lonse, dzina lili m'manyuzipepala ngati mbala.

Pa 7 June, ku Guadalajara, dzuwa likuswa mtengo, anakumana ndi Brazil ya Pelé, Tostão, Rivellino ndi Jairzinho. Pali kanema wamfupi wa tsiku limeneli amene aliyense wa inu ayenera kumufufuza pa YouTube. Jairzinho, amene anagoletsa m'masewero onse a Brazil mu mpikisano umenewo, akubwera ndi mpira mwaliwiro. Moore akubwerera, akubwerera, mpaka kulowa m'bokosi momwe kulakwitsa pang'ono ndi penate. Kenako phazi lakumanja, tswii, mpira watsala kwa Moore, Jairzinho wapitirira yekha. Ndipo Moore akudzuka n'kuyamba kuyenda nawo ngati palibe chachitika. Brazil inapambanabe 1-0, wogoletsa Jairzinho yemweyo, koma masewero atatha Pelé anapita kwa Moore n'kusinthana naye jezi, ndipo chithunzi chawo chili m'gulu la zithunzi zotchuka kwambiri za mpira. England inatuluka mu kotafainolo itagonja 3-2 kwa West Germany, chonsecho inatsogola 2-0. Chaka chimenecho Moore anakhala wachiwiri pa Ballon d'Or, kumbuyo kwa Gerd Müller.

Musaganize kuti anali mngelo. Mowa ankaukonda. Mu January 1971 iye, Jimmy Greaves ndi anzawo ena anapita kokasangalala usiku ku Blackpool mawa lake kuli masewero a FA Cup. West Ham inakunthidwa 4-0, nkhani inatuluka, ndipo timu inamulipiritsa n'kumuimitsa kaye. Ubale wake ndi mphunzitsi Ron Greenwood, umene unali kale wozizira, sunabwererenso mwakale. Ligi ya England sanaitengepo.

Ndipo nzeru nazo zili ndi polekezera miyendo ikayamba kulemera. Mu June 1973, ku Chorzów, anachedwa ndi mpira monga ankachitira nthawi zonse, koma ulendo uno Włodzimierz Lubański anamulanda n'kukagoletsa. Poland inapambana 2-0. Pa masewero achibwereza ku Wembley, Ramsey anamukhazika pa benchi n'kuika Norman Hunter. Mwana amene analanda malo a Allison uja tsopano anali iyeyo woonerera. Analepherana 1-1 ndipo England sinapite ku World Cup ya 1974. Masewero ake omaliza anali a Italy mu November 1973, atakhala kaputeni maulendo 90.

Mu March 1974 West Ham inamugulitsa ku Fulham ya mu divishoni yachiwiri pa mtengo wa £25,000, atasewera masewero a ligi 544. Chaka chotsatira Fulham inafika mu fainolo ya FA Cup, ndipo mdani wake, mwangozi yake, anali West Ham. Anagonja 2-0. Anaseweranso pang'ono ku America, ku San Antonio Thunder ndi Seattle Sounders, kenako n'kupachika nsapato.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imawawa. Mungayembekezere kuti munthu ngati ameneyu bungwe la mpira la England kapena West Ham akanamupatsa ntchito. Sizinatero. Anaphunzitsa timu yaing'ono ya Oxford City, kenako Eastern ya ku Hong Kong, kenako Southend United, ndipo konseko sizinamuyendere. Mabizinesi ake ena anagwa. Anamaliza akulemba za masewero m'nyuzipepala yosalemekezeka ya Sunday Sport ndi kuulutsa mpira pa wailesi ya Capital Gold. Ulemu wa Sir, umene anzake Bobby Charlton ndi Geoff Hurst anadzalandira, iye sanaulandire.

Khansa inabweranso, ulendo uno ya m'matumbo. Analengeza za matendawa mu February 1993, ndipo pa 17 mwezi womwewo anali pa Wembley akuulutsa masewero amene England inakuntha San Marino 6-0. Patatha sabata imodzi, pa 24 February, anamwalira ali ndi zaka 51, woyamba kutisiya mwa osewera 11 a fainolo ya 1966. Mkazi wake Stephanie anayambitsa thumba la Bobby Moore Fund lothandiza kafukufuku wa khansa ya m'matumbo. Chiboliboli chake anachiimika kunja kwa Wembley yatsopano mu 2007, ndipo mu 2008, patatha zaka 50 chiyambireni kuivala, West Ham inalengeza kuti jezi nambala 6 sidzapatsidwanso kwa wosewera wina aliyense.