Mbiri ya mwezi uno: John Wesley, mlaliki amene ndalama zinalephera kumukwera pamutu

Mwezi uno pa tsamba la mbiri tikukamba za John Wesley. Dzinali ambiri timalimva tikamakamba za mpingo wa Methodist, koma ndi ochepa amene amadziwa momwe mkuluyu ankachitira ndi ndalama. Masiku ano aliyense ali kalikiliki kusaka ndalama, ena mpaka kuchezera kubetcha pa foni, ndiye tamvani za munthu amene ndalama zinkamutsata zokha koma anamwalira ali chimanjamanja, mwadala.

Wesley anabadwa mu June 1703 m'tauni yaing'ono ya Epworth ku England. Bambo ake, a Samuel Wesley, anali m'busa wa Church of England, ndipo mayi ake, a Susanna, anabereka ana 19, ngakhale kuti pafupifupi theka anamwalira ali makanda. Pakhomopo ndalama zinkavuta heve. Mu 1705 bambowo anatsekeredwa m'ndende ku Lincoln chifukwa cha ngongole, John ali ndi zaka ziwiri zokha. Mu February 1709 nyumba yawo inapsa usiku, ndipo John anatsalira m'chipinda cham'mwamba. Anthu anachita kukwerana pamapewa n'kumutulutsira pawindo, denga litangotsala pang'ono kugwa. Ndiye umphawi iyeyu sanachite kuuwerenga m'buku ayi, anakula nawo.

Sukulu ndi imene inamutsegulira njira. Mu 1720 anapita ku yunivesite ya Oxford, ndipo mu 1726 anasankhidwa kukhala mmodzi wa aphunzitsi pa Lincoln College. Apa ndi pomwe anayamba kugwira ndalama yakeyake. Kuyambira 1729, iye ndi mng'ono wake Charles ankakumana ndi anzawo ochepa kuwerenga Baibulo ndi kupemphera, kenako n'kuyamba kuyendera akaidi ndi odwala. Ophunzira anzawo ankawaseka kuti chilichonse amachita motsata ndondomeko, ndipo dzina lakuti Methodist linayamba chonchi, ngati chipongwe. Inde, kanali kagulu ka achinyamata ngati kathu komweka.

Ku Oxford komweko kunachitika kanthu kena komwe iye ankakakumbukabe mpaka ukalamba. Tsiku lina kukuzizira koopsa, kunabwera mtsikana wosauka, mmodzi wa ana amene kaguluko kankawathandiza sukulu, atavala kadiresi kopyapyala. Atamufunsa, zinadziwika kuti chovala chake chinali chomwecho basi. Wesley anapisa m'thumba kuti amupatse yogulira chofunda, koma anapeza kuti mwatsala timakobidi tochepa. Ndalama zinali zitapita ku zinthu zokongoletsera khoma la chipinda chake. Zinamupweteka kwambiri. Anaona kuti zomwe zinali pakhomazo zinali chofunda cha mwana uja.

Mu ulaliki wina wa kuukalamba kwake anasimba za mnyamata wa ku Oxford, amene olemba mbiri ambiri amati anali iye mwini. Chaka choyamba mnyamatayo analandira mapaundi 30, anagwiritsa ntchito 28, n'kupereka awiri kwa osauka. Chaka chachiwiri analandira 60, koma anakhalabe pa 28 pomwepo, n'kupereka 32. Chachitatu zinafika 90, anapereka 62. Chachinayi zinafika 120, anapereka 92. Mwaona pomwe pagona nkhani? Malipiro ankakwera, koma moyo wake sunkakwera nawo. Ife zikangotiyendera pang'ono timasintha foni, nsapato, ngakhale anzathu ocheza nawo. Iye anayamba wadziwa kuti chomukwanira ndi chingati, ndipo zonse zopitirira pamenepo sankaziwerengera ngati zake. Ngakhale tsitsi ankangolisiya lalitali kuti ndalama yometetsera ipite kwa ovutika.

Musaganize kuti zonse zinkamuyendera. Mu 1735 ananyamuka kupita ku Georgia, ku America, kukatumikira, koma ntchito inakanika ndipo anabwerera kwawo mu 1738 ali wokhumudwa, akukayika ngakhale chikhulupiriro chake chomwe. Pa 24 May 1738, pa msonkhano wa mapemphero mu msewu wa Aldersgate ku London, ndi pomwe mtima wake unakhazikika kuti Khristu anamukhululukiradi machimo. Chaka chotsatira, mnzake George Whitefield anamuitanira ku Bristol, komwe anayamba kulalikira panja, kwa anthu monga okumba malasha a ku Kingswood amene sankaponda n'komwe m'tchalitchi. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa pamsana pa hatchi. Akuti anayenda mamailosi pafupifupi 250,000 ndipo analalikira maulaliki pafupifupi 40,000.

Chomwe chimasangalatsa n'chakuti thandizo lake silinkathera pa kugawa. Mu 1742 ku Bristol kunali ngongole ya nyumba yopemphereramo, ndiye anagwirizana kuti anthu agawidwe m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, aliyense azipereka kobidi imodzi pa sabata, ndipo wina akalephera, mtsogoleri wa kagulu azimulipirira. Timaguluti tinasanduka malo oyang'anirana pa moyo wauzimu ndi wathupi womwe. Mu 1746 anatsegula malo operekera mankhwala aulere ku London, ndipo chaka chotsatira anatulutsa kabuku ka mankhwala osavuta kupeza kothandiza anthu osakwanitsa kulipira dokotala. M'zaka zomwezo anayambitsa thumba la ngongole zing'onozing'ono, lofananako ndi banki m'khonde yathuyi, kuti amisiri ndi ochita geni asamakapinyolitse zipangizo zawo kwa akatapila. Munthu ankabwereka pang'ono n'kubweza pasanathe miyezi itatu. James Lackington, yemwe anali wosoka nsapato, anabwereka mapaundi asanu ku thumba lotereli ndipo pambuyo pake anadzakhala mmodzi wa ogulitsa mabuku akuluakulu mu London.

Wesley ankalowa yekha m'nyumba za amphawi, ndipo ataona anthu odwala akugwirabe ntchito m'zipinda zozizira zopanda chakudya, ankatsutsa poyera bodza lakuti osauka amasauka chifukwa cha ulesi. Mu 1774 analemba kabuku kotsutsa malonda a akapolo, pa nthawi yomwe mizinda ngati Bristol inkalemera ndi malonda omwewo.

Nanga ankaphunzitsa kuti ndalama ndi yoipa? Ayi ndithu. Mu ulaliki wake wa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, womwe unasindikizidwa mu 1760, anapereka mfundo zitatu. Yoyamba, munthu alimbikire kupeza zonse zomwe angathe, koma osawononga thanzi lake, chikumbumtima chake kapena mnzake. Apa anatchula zinthu ngati kugulitsa mowa waukali ndi kugwetsa dala geni ya mnzako. Yachiwiri, asamale zomwe wapeza, osamwaza pa zovala, zakudya ndi katundu wongofuna kuti anthu amuone. Yachitatu, akasamalira zofunika za iye mwini ndi banja lake, zotsalazo apereke. Kwa iye munthu ndi kapitawo chabe, mwini chuma ndi Mulungu.

Mabuku ake ankagulidwa kwambiri, moti akanafuna akanakhala mpondamatiki. Mu 1776 akuluakulu a msonkho anamulembera kalata poganiza kuti munthu wotchuka chonchi sangalephere kukhala ndi ziwiya zasiliva zomwe sanazilembetse. Anawayankha kuti ali ndi masipuni asiliva awiri ku London ndi awiri ku Bristol, ndipo sagulanso ena pomwe anthu omuzungulira akusowa chakudya. Mu January 1785, ali ndi zaka 81, anayenda masiku angapo m'misewu ya London m'chipale chosungunuka, akupemphetsa mapaundi 200 ogulira osauka zovala, mpaka anadwala nazo.

Kuukalamba kwake chinthu chimodzi chinkamusowetsa tulo. Anthu ake atasiya uchidakwa n'kuyamba kulimbikira ntchito ndi kusamala ndalama, anayamba kulemera. Chuma chitabwera, kunyada ndi kukonda za dziko zinabweranso. Ankadandaula kuti ambiri akusunga mfundo ziwiri zoyamba zija n'kutaya yachitatu, ndipo ankati munthu wotero ali pangozi kuposa mmene analili asanatembenuke. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sikuti anali mngelo. Ukwati wake ndi Mary Vazeille, womwe anamanga mu 1751, unali wa mavuto ndipo anapatukana. Analibenso ana akeake ofuna fizi ndi yunifomu, choncho sitingangotenga 28 yake ija n'kuipachika pa kholo la ana asanu. Koma funso lake likadali pomwepo kwa aliyense wa ife: chondikwanira ine ndi chingati?

Anamwalira pa 2 March 1791 ku London, ali ndi zaka 87. Kalata yomwe analemba kutatsala masiku ochepa inapita kwa William Wilberforce, kumulimbikitsa kuti asafooke pa nkhondo yothetsa ukapolo. Olemba mbiri amayerekeza kuti pa moyo wake wonse anapereka mapaundi pafupifupi 30,000, chonsecho ndalama zomwe anasiya zinali timakobidi ta m'matumba ndi m'madirowa. Pa maliro ake anakaniratu zodzionetsera. Analamula kuti bokosi lake linyamulidwe ndi amuna 6 osauka, aliyense apatsidwe paundi imodzi.

Ambiri mwa ife sitili pa ntchito, ena tikudalira maganyu, ndiye wina atha kunena kuti izi n'za anthu a ndalama. Koma taonani kuti mnyamata wa ku Oxford uja anayamba kupereka ali ndi mapaundi awiri okha otsala. Kukhutira si ulesi, ndipo si kugonjera umphawi. Mkuluyu ankadzuka 4 koloko m'mawa ndipo ankagwira ntchito kuposa anthu ambiri. Anangoikiratu malire ndalama zisanabwere, chifukwa zikabwera mtima umasowa pokanira.

Tikakumananso, aliyense abwere ataganizira zinthu ziwiri: ndalama zomwe zimamukwanira pa mwezi, ndi munthu mmodzi wa m'dera lake amene angamuthandize ndi kochepa komwe katsala. Paja kupatsa n'kuika. Mulungu akudalitseni nonse.