William Murray ndi Buku Lopatulika

Ana inu, pamene mutsegula Buku Lopatulika m'sukulu kapena m'tchalitchi, kodi mudziwa kuti mbali yaikulu ya ntchito yolimasulira inachitikira m'mapiri athu omwe ano a Dowa? Lero tiwerenga za munthu amene anasenza katunduyo zaka zambiri, dzina lake William Hoppe Murray.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1866 m'dziko la South Africa, m'banja la abusa. M'chaka cha 1894 anafika ku Mvera, kumene mbale wake A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayambitsa misyoni mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Masiku amenewo kunalibe misewu ya galimoto, ndipo malungo anagwetsa amisyoni ambiri. Pamene A.C. Murray anabwerera kwao, William anakhala mtsogoleri wa misyoni yonse.

M'chaka cha 1900 amisyoni a mipingo yosiyana anapangana kuti pakhale Buku limodzi la Chinyanja, lomveka kwa Amang'anja a kumwera ndi kwa Achewa a kuno kwathu. Katundu wolemera wa ntchitoyi anagwera Murray. Pofuna malo a chete, anakwera ku phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, nakhala komweko ndi mabuku ake.

Murray anali munthu wophunzira, wodziwa Chihebri ndi Chigriki, zinenero zimene Mau a Mulungu analembedwamo poyamba. Koma maphunziro okha sakanakwanira, pakuti Chinyanja sichinali chinenero cha amayi ake. Chotero anakhala pansi ndi eni chinenero, monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse, nawafunsa, namvera pamene anamkonza. Anagwirizananso ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Taganizani: mkulu wa misyoni yonse anasanduka mwana wa sukulu pamaso pa anthu amene ena akanawayesa ang'ono. Munthu wodzikuza sakanatha kutero.

Ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono, mau ndi mau, ndime ndi ndime. Chipangano Chatsopano chinatuluka choyamba, koma Buku lonse linasindikizidwa mu 1922, patapita zaka 22 chipanganire. Mwana wobadwa m'chaka cha pangano lija anali atakula kale, mwina atakwatira. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wokhulupirira mphamvu zake zokha akanalema panjira, nasiya. Koma Murray anadziwa kuti Mauwo sanali ake, ndi kuti Mwini wake adzapatsa mphamvu ya tsiku lililonse kufikira ntchito itatha.

Likulu la misyoni linasamukira ku Nkhoma, ndipo Murray anatumikira komweko kufikira 1937. Anamwalira m'chaka cha 1947. Sukulu ya aphunzitsi imene inayambira ku Mvera, nisamukira ku Nkhoma, inatchedwa dzina lake.

Tsono tiphunzirepo chiyani? Ana ambiri ayesa kuti kukula ndiko kusafunanso thandizo la wina aliyense. M'moyo wa Chikhristu si momwemo ayi. Mwaona nyemba zoyanga m'munda wa chimanga. Zikali zazing'ono ziima zokha, koma zikamakula ndi kulemera ndi zipatso, zigwiritsitsa phesi kolimba koposa. Zikalekana nalo zigwa pansi, ndipo zipatso zake ziola m'matope. Momwemonso Mkhristu wokhwima ndiye wodziwa kufooka kwake, wotsamira pa Mulungu m'pemphero, wosachita manyazi kuphunzira kwa anzake.

Inunso muli ndi ntchito zanu zotenga nthawi: kuphunzira kuwerenga, kulima ndime ya amayi, kuleka bodza ndi mkwiyo. Musataye mtima pamene zichedwa. Pemphani Mulungu mphamvu ya lero, ndipo mawa mupemphenso.